Mulungwe m'Munda wa Chimanga: Kuuzindikira Msanga ndi Kuuletsa Kubereka

Chaka chilichonse, nyengo yokolola ikafika, timalandira madandaulo ofanana kuchokera kwa abale ndi alongo amene anaphunzira pano. Wina amatiuza kuti aganyu akana kulowa m'munda mwake chifukwa cha udzu woyabwa umene watalika kuposa chimanga. Wina amati anapopera mankhwala amene akhala akumuthandiza zaka zonsezi, udzu wina wonse unafa, koma uwu wokha unatsala uli biriwiri. Winanso amafunsa ngati kuli kwanzeru kungousiya mundawo n'kukapempha malo ena kwa a nyakwawa. Onsewa akunena za udzu umodzi, umene alimi ambiri m'Zambia muno amautcha mulungwe.

Munda suyenera kutayidwa chifukwa cha udzu umenewu. Mulungwe umakhala ndi moyo nyengo imodzi yokha ya mvula, ndipo chimene chimaubwezera m'munda chaka chotsatira ndi njere zake basi. Mlimi amene wauletsa kubereka kwa zaka zitatu kapena zinayi zotsatizana amauona ukuchepa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Koma amene amayamba kuuganizira pamene wamuyabwa pokolola, ameneyo wachedwa, pakuti njere za chaka chamawa zagwa kale pansi.

Ndi udzu wa mtundu wanji?

Akatswiri a zomera amautcha Rottboellia cochinchinensis, dzina limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1981. M'mabuku akale a zaulimi mudzaupeza utalembedwa kuti Rottboellia exaltata. Ndi udzu womwewo. Ku Zimbabwe amati ndi udzu wa ku Shamva, ku South Africa amati ndi udzu wa nkhanga, ndipo m'mabuku a Chingerezi kawirikawiri umalembedwa kuti itchgrass, kutanthauza udzu woyabwa. Umasautsa alimi a chimanga, mapira, mpunga ndi nzimbe m'maiko otentha a mu Africa, Asia ndi America. Popeza maina a udzu amasiyana mudzi ndi mudzi, musadalire dzina lokha; phunzirani maonekedwe ake.

Tiyenera kuusiyanitsa ndi udzu monga kapinga ndi nansongole. Umenewo umakhala zaka zambiri chifukwa uli ndi timapesi toyenda pansi, timene timaphukanso ngakhale mutatidula ndi khasu. Mulungwe ulibe zimenezo. Mukauzula wonse n'kuuma, wafa ndithu.

Mphamvu yake ili pa ubale wake ndi mbewu zathu, pakuti ndi wa banja limodzi ndi chimanga, mapira ndi nzimbe. Chilichonse chimene chimanga chimakonda, nawonso umachikonda: kutentha, mvula yokwanira, nthaka yachonde ya makande kapena katondo, ndi fataleza wa nayitirojeni. N'chifukwa chake umakondwera pa malo abwino koposa a munda, monga pafupi ndi chulu kapena pamene panali khola. Mlimi wothira yureya m'munda wodzala mulungwe akudyetsa udzu ndi ndalama zimene zikanalipirira ana ake sukulu. Ubale womwewu ndi umene umachititsa kuti mankhwala ambiri amene sapha chimanga asauphenso.

Zizindikiro zake

Ukangomera, mulungwe umafanana kwambiri ndi mmera wa chimanga kapena wa mapira, ndipo wopalira wosazolowera amausiya mumzere poganiza kuti ndi mbewu. Pali njira ziwiri zouzindikirira. Yoyamba, fukulani mmerawo mosamala ndi kamtengo, muone chimene chili kumizu. Mmera wa chimanga umakhala ukadali ndi njere yake ya chimanga, wa mapira umakhala ndi kanjere kobulungira, koma wa mulungwe umakhala ndi kachidutswa kolimba kooneka ngati kabango kodulidwa mbali zonse, kotalika theka la sentimita kapena kupitirira pang'ono. Yachiwiri, sisitani ndi chala mbali ya tsamba imene imakuta phesi. Chimanga nachonso chili ndi ubweya pamenepo, koma wofewa. Wa mulungwe ndi wolimba ndi woimirira. Udzuwo ukamakula, ubweyawu umathyokera m'khungu la munthu, ndipo ndi umene umayabwa, pafupifupi ngati chitedze.

Ukafika m'mawondo sumavutanso kuuona. Masamba ake ndi aatali, opyapyala kuposa a chimanga, okhakhala m'mphepete, ndipo ali ndi msana woyera pakati. Tsinde limodzi limatulutsa mapesi ambiri, pamene chimanga nthawi zambiri chimakhala ndi phesi limodzi. Pa mfundo za m'munsi pamatuluka mizu yochirikiza, monga mmene chimachitira chimanga. Pa nthaka yabwino umatalika mpaka mamita atatu.

Ngala zake n'zosiyana ndi za udzu wina wa m'munda. N'zowonda, zobulungira ngati mchira wa khoswe, zotalika masentimita 8 mpaka 15, ndipo zimatuluka kunsonga ndi m'makhwapa a masamba a m'mwamba. Ngala iliyonse ili ndi timfundo. Ikayamba kukhwima imathyokathyoka kuyambira kunsonga, ndipo kachidutswa kalikonse kamagwa ndi njere imodzi m'kati mwake. Chofunika kuchigwira n'chakuti zimenezi zimachitika udzuwo ukadali wobiriwira, ndipo zimapitirira kwa masabata ambiri. Pofika nthawi yosanja mikukwe, njere zambiri zimakhala zili pansi kale.

Tiwerengere njere

Tsinde limodzi lokula bwino limabereka njere zoposa 2,000, ndipo lokhala palokha pa malo achonde limapyola pamenepo kutali. Tinene kuti m'munda wa lima imodzi, umene ndi masikweya mita 2,500, mwatsala matsinde 50 okha. Aliyense wodutsa m'njira anganene kuti mundawo ndi woyera. Koma matsinde 50 obereka njere 2,000 lililonse asiya njere 100,000, ndiko kuti njere 40 pa sikweya mita iliyonse. Chimanga chobzalidwa motalikirana masentimita 90 pakati pa mizere ndi masentimita 25 pakati pa mapando, njere imodzi pa phando, chimakhala mapesi anayi kapena asanu pa sikweya mita. Choncho ngakhale itamera njere imodzi yokha mwa khumi, chaka chamawa mulungwe udzachuluka pafupifupi mofanana ndi chimanga chenichenicho.

Njerezi sizimera zonse nthawi imodzi. Zikangogwa zimayamba zagona, kenako zimamera m'magulumagulu: zina ndi mvula yoyamba, zina mu Disembala, zina mu Januwale, ndipo zina zimadikira chaka china. Zimatha kumera ngakhale zitakwiririka masentimita 10 mpaka 15. Ichi ndicho chifukwa chake munda wopaliridwa bwino kawiri umapezekanso ndi mulungwe pokolola.

Chotilimbitsa mtima n'chakuti njere zake sizikhalitsa m'nthaka ngati za kaufiti, zimene zimatha zaka khumi ndi kupitirira. Za mulungwe zambiri zimamera kapena kufa m'zaka ziwiri zoyambirira, ndipo n'zochepa zimene zimapyola zaka zinayi. Nthaka ili ngati nkhokwe ya njerezi. Chaka chilichonse nkhokweyo imatapidwa. Ngati palibe wothiramo zatsopano, imatha.

Mmene umalowera m'munda

Ifenso pano tinaphunzira movutikira. Chaka china tinabwereka thirakitala ndi hara ku famu ina kuti tikonze munda wathu wa kumunsi. Sitinaziyang'ane, ndipo sitinazitsuke. Nyengo imeneyo tinaona matsinde owerengeka pafupi ndi chipata, pamene thirakitala inayambira ntchito, koma tinati tidzawaona tikatsiriza zina. Patapita zaka ziwiri udzuwo unali utafalikira mbali yonse ya kuchipata, ndipo ophunzira a nthawi imeneyo akukumbukira mmene manja awo analili pokolola. Ntchito imene ikanatenga ola limodzi inatitengera zaka.

Njere zimayenda m'matope a pa matayala, pa pulawo, pa ngolo ndi pa ziboda za ng'ombe. Zimayenda m'makina otonola chimanga amene amazungulira m'midzi, m'madzi othamanga ochokera ku munda wa kumtunda, m'udzu wodulidwa m'mbali mwa msewu kuti ukayalidwe m'khola kapena m'munda, ndiponso m'mbewu yosungidwa, makamaka ya mpunga, mapira ndi soya. Sesani ndi kutsuka chipangizo chilichonse chobwereka chisanalowe m'munda mwanu. Mbewu yanu muipete ndi kuisankha ndi manja, ndipo pogula yang'anani chikalata cha SCCI, bungwe la boma loona za mbewu la ku Chilanga.

Kupalira katatu, osati kawiri

Akuluakulu anati mmera n'poyamba, ndipo ananena zoona. Chimanga chimafuna munda woyera m'masabata asanu ndi limodzi oyambirira chitamera. Palirani koyamba masabata awiri asanathe, udzu ukadali ndi masamba awiri kapena atatu, ndipo mumzere muzule ndi manja. Palirani kachiwiri musanathire fataleza wobereketsa. Kupalira kuwiriku kumateteza zokolola za chaka chino.

Kupalira kwachitatu ndiko kumene alimi ambiri sachita, chifukwa sikuwonjezera thumba lililonse chaka chino. Komatu ndiko kumene kumathetsa mulungwe. Kuyambira mu Febuluwale, chimanga chitamasula ngayaye, yendani mzere ndi mzere n'kumazula tsinde lililonse limene mwaliona, lalitali kapena lalifupi. Bwerezani pakapita masabata awiri kapena atatu, mpaka mutakolola, ndipo mukakolola muyang'anenso, pakuti timatsinde tochedwa kumera timabereka ngakhale tili tafupi. Ife pano tinapatula mmawa wa tsiku loyamba la sabata kuti ukhale woyendera mizere, ntchito zina zisanatipanikize. Valani malaya a manja aatali ndi magolovesi. Ngati mulibe, kulungani manja ndi chidutswa cha thumba.

Tsinde lopanda ngala likutumuleni dothi n'kuligoneka pamwamba pa zinyalala, mizu ili padzuwa, chifukwa likagona pa nthaka yonyowa limagwiranso. Tsinde lokhala ndi ngala musalikokere m'munda monse. Liikeni m'thumba pomwepo, mulitulutse, muliunjike pa malo amodzi n'kuliotcha likauma. Musaliponye m'khola kapena pa kompositi, pakuti njerezo zidzabwerera m'munda pamodzi ndi manyowa. Kutchetcha ndi chikwanje sikukwanira, popeza tsinde lodulidwa limaphukanso n'kubereka lili pansi. Kuotcha munda wonse nakonso si yankho: moto umatha mapesi amene amateteza nthaka, koma sufika pa njere zokwiririka.

Pulawo ndi malangizo ochokera kutali

Ena mwa inu mumawerenga pa foni malangizo akuti udzu wa njere umathetsedwa mwa kutembenuza nthaka mozama. Malangizo amenewo ali ndi kwawo. M'maiko olima tirigu m'nyengo yozizira muli udzu wa chaka chimodzi wa mtundu wa Bromus, umene umasautsa tirigu ndi barele monga mmene mulungwe umasautsira chimanga. Ku Britain kuli Bromus sterilis, ku Western Cape ndi kumwera kwa Australia kuli Bromus diandrus, ndipo kumapiri a ku Ethiopia ndi Kenya kuli Bromus pectinatus. Alimi a kumeneko amalimbana nawo monga tikunenera pano: amauletsa kubereka, ndipo amasinthanitsa tirigu ndi mbewu za masamba otambalala. Koma ku Britain amathanso kuupha ndi pulawo, chifukwa njere zake zikakwiririka mozama sizitha kutulukira pamwamba, ndipo zimafa msanga.

Mulungwe suli choncho. Njere zake n'zazikulu ndi zamphamvu, zimamera kuchokera pansi pamene pulawo ya ng'ombe imafika, ndipo zokwiririka zimakhalitsa kuposa zotsala pamwamba. Pulawo ya chaka chamawa idzazibwezera kumtunda zili zamoyo. Zotsala pamwamba zimadyedwa ndi nkhanga, njiwa ndi mbewa, zina zimafa ndi dzuwa la mu Okutobala, ndipo zotsalazo zimamera msanga pamene mungathe kuzipha. Choncho m'munda wa mulungwe maenje a gamphani kapena mizere ya ripa zimathandiza kuposa kutembenuza nthaka yonse, malinga ngati mlimi sanyalanyaza kupalira.

Sinthani mbewu

Munda umene wagwidwa kwambiri musabzalemonso chimanga kapena mapira chaka chotsatira. Bzalanimo soya, nshawa, thonje, nyemba kapena mpendadzuwa. Pali zifukwa zitatu. Choyamba, pakati pa mbewu za masamba otambalala mulungwe sungabisale. Ngakhale mwana amauona. Chachiwiri, soya amabzalidwa cha pakati pa Disembala, ndipo mpendadzuwa amatha kubzalidwa kumapeto kwa Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale. Zimenezi zimakupatsani mpata wodikira kuti udzu umere ndi mvula yoyamba, muuphe, umerenso, muuphenso, mbewu isanalowe m'nthaka. Ndi chimanga mpata wotere ndi wochepa, chifukwa kuchedwa kubzala kumachepetsa zokolola. Chachitatu, pali mankhwala amene amapha udzu wokhawokha osavulaza mbewu zimenezi.

Kalongonda nayenso ndi bwenzi pa nkhondoyi. Alimi a ku Central America, kumene udzuwu ndi vuto lalikulu, amamubzala kuti aphimbe nthaka ndi kuumana kuwala. Mungamubzale payekha m'munda umene mukuupumitsa, kapena pakati pa mizere ya chimanga mutapalira kachiwiri. Amawonjezeranso chonde. Komabe matsinde amene aboola n'kutulukira pamwamba pake ayenera kuzulidwa.

Za mankhwala

Mbale amene anadandaula kuti mankhwala ake anasiya mulungwe wokha sananamizidwe ndi wogulitsa. Atrazine, amene ali m'mankhwala ambiri a m'chimanga, sapha mulungwe, ndipo metolachlor ndi ena a gulu lake amaugwira mofooka. Akachotsa udzu wina wonse, mulungwe umatsala wokha ndi madzi, kuwala ndi fataleza yense. Umu ndi mmene unachulukira m'minda yambiri yopoperedwa mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka.

M'chimanga, pendimethalin amauletsa kumera. Amapoperedwa pa nthaka yonyowa mutangobzala, mbewu ndi udzu zisanamere, ndipo chimangacho chiyenera kukhala chobzalidwa mozama masentimita 4 kapena 5 ndi chokwiriridwa bwino, kuti mizu yake isavulale. Nicosulfuron amapha mulungwe umene wamera kale, ukadali waung'ono. Ukakula mpaka m'mawondo, ndalama zangotayika. Ameneyu si wa m'mapira, ndipo sayenera kusakanizidwa kapena kutsatizana pafupi ndi mankhwala opha mbozi a gulu la organophosphate, monga chlorpyrifos, chifukwa chimanga chimapsa. Chenjezo limeneli n'lofunika kwambiri tsopano, popeza kuyambira kumapeto kwa 2016, pamene ntchemberezandonda za m'chimanga zinalowa m'dziko muno, ambiri timapopera mbozi pa nthawi yomweyo. Kumbukiraninso kuti mankhwala opha udzu m'chimanga akhoza kuwononga maungu ndi nyemba zimene mwasakaniza m'mundamo. Glyphosate amapha chilichonse chobiriwira, choncho malo ake ndi mbewu isanamere.

Mu soya, nshawa, thonje ndi mpendadzuwa, mankhwala monga fluazifop, haloxyfop ndi quizalofop amapha mulungwe bwino ukakhala waung'ono ndipo ukukula mwamphamvu, osati wofota ndi ng'amba. Koma amenewa amaphanso chimanga ndi mapira, popeza nazonso ndi udzu. Musapopere kuli mphepo pafupi ndi munda wa chimanga, wanu kapena wa mnansi, ndipo tsukani pampu bwinobwino musanaigwiritse ntchito ina.

Musadalire mankhwala a gulu limodzi chaka ndi chaka. M'maiko ena a ku America mulungwe unafika posamva mankhwala a magulu amenewa chifukwa cha kubwerezabwereza. Tsinde limene lapulumuka mankhwala ndilo loyamba kuzulidwa, pakuti ana ake akhoza kutengera kholo. Gulani mankhwala ololedwa ndi ZEMA, a m'botolo lake lokhala ndi chikalata, osati othiridwa m'mabotolo a zakumwa. Muyeso wake uli pa chikalatacho. Ngati sukumveka, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu kapena bwerani kuno. Valani zodzitetezera, ndipo botolo likatha litsukeni katatu, muthire madziwo m'pampu, n'kuliboola kuti wina asadzatungire madzi akumwa. Thupi ndi nthaka zonse tinapatsidwa kuti tizisamalire.

Malire ndi anansi

Munda woyera wokhala ndi malire odzala mulungwe sungakhale woyera nthawi yaitali. Yang'anani m'mbali mwa njira, pa zulu, m'ngalande ndi pa milambala yotchinga madzi. Kambiranani ndi anansi, makamaka a kumtunda, ndipo achiteni zimenezi mwaulemu, mutanyamula tsinde limodzi loti muwaonetse. Mutu umodzi susenza denga. Mabanja anayi kapena asanu ogwirizana kuzula pa tsiku limodzi amatsiriza mmawa umodzi ntchito imene ikanalemetsa munthu mmodzi sabata yathunthu.

Wophunzira wina anatifunsa m'kalasi, akumwetulira, ngati fanizo la namsongole la pa Mateyu 13 silikutiloleza kusiya udzu mpaka nthawi yokolola. Tinaseka naye, kenako tinamukumbutsa kuti fanizolo likutiphunzitsa kuleza mtima ndi anthu, amene mitima yawo sitingathe kuiona. Mulungwe tingathe kuuona, ndipo tsopano mukudziwa pouyang'ana.

Ngati munda wanu uli ndi mulungwe chaka chino, musataye mtima ndipo musausiye. Lembani m'buku lanu la munda malo amene wachuluka, muikepo zikhomo, ndipo konzani zoti chaka chamawa padzakhale soya kapena mpendadzuwa. Chaka choyamba ntchito idzakhala yolemetsa, ndipo chachiwiri udzameranso wambiri kuchokera ku njere zakale. Musaganize kuti mwalephera. Chaka chachitatu mudzaona kusintha, ndipo chachinayi kuyenda kamodzi kapena kawiri kudzakwanira. Inu amene mwayesa kale njira zimenezi kwanu, tilembereni kapena tiuzeni mukabwera ku tsiku la alimi, kuti anzanu amene akuphunzira tsopano amve kuchokera kwa inu. Ambuye adalitse ntchito ya manja anu.